Canonet ya mizere yofiira ndi Yashica yosalira

FUNSO: Ndinagula kamera ya filimu ya Canonet QL17 GIII. Lenzi yake ndi yoyera bwino, koma zithunzi zikutuluka ndi mizere yofiirira m'mphepete, ndipo zambiri n'zakuda. Kodi ndiitaye?

YANKHO: Musaitaye, akulu. Mavuto ndi awiri ndipo onse mungawathetse nokha.

Mizereyo ndi kuwala kolowera ku chitseko cha kumbuyo. Kamerayi inayamba kupangidwa mu 1972, ndiye siponji yotseka mipata inasungunuka kale n'kusanduka phala lakuda lomata. Kuwala kochokera kumbuyo kumayamba kwadutsa msana wa filimu, n'chifukwa chake kumaoneka kofiira. Nyowetsani siponjiyo ndi spiriti wa isopropyl, muzipala ndi kamtengo kotokosera m'mano. Chitsulo ayi, chimakanda utoto. Samalani kuti zinyenyeswazi zisagwere pa lenzi. Kenako matani siponji yatsopano yokhuthala mamilimita 1 mpaka 2, makamaka pa hinji, pomwe kuwala kumakonda kulowera. Ikakhuthala kwambiri chitseko chimavuta kutseka.

Kuda kwa zithunzi n'kutheka kuti ndi batire. Mita ya kuwala inapangidwira batire la mercury la PX625 la 1.35V, lomwe linaletsedwa. Mukaika la alkaline la 1.5V, mita imaona ngati kuwala kwachuluka n'kuchepetsa kabowo ka lenzi. Choipa china, mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono, moti simungadziwe kuti mita ikunama motani lero. Ikani batire la zinc-air nambala 675, la tizipangizo tothandiza kumva, lomwe limapereka pafupifupi 1.4V mosasinthasintha. Ndi locheperako, choncho livekeni kamphete ka labala kuti lisagwedere. Silikhalitsa mukamatula kapepala kake, koma ndi lomwe ife timakonda. Likatha musadandaule: chotsani mkombero wa pa lenzi pa A (pomwe kamera imasankha yokha kabowo), musankhe nokha kabowo ndi liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala pojambula, komwe kamagwira ntchito popanda batire.

FUNSO: Timagetsi ta kamera yanga ya Yashica Electro 35 timayaka mwachisawawa, ndipo nthawi zina shutter imachedwa kutseka.

YANKHO: Kokani chopititsira filimu mutatchera khutu. Yabwino imalira kuti "khu" koyambirira kwenikweni. Ikakhala chete, kalabala ka mamilimita 2 ka mkati, komwe amakatcha pad of death, kanafumbutuka, ndipo tizitsulo ta magetsi sitikukhudzana pamalo pake. Kamasinthika, koma pamafunika kutsegula chivindikiro cha pamwamba kapena mbale ya lenzi, pomwe pali timawaya tosachedwa kuduka. Ngati simunatsegulepo kamera, pitani nayo kwa mmisiri. Musanatero, pukutani polowera batire ndipo muyese batire la 6V la PX28 ndi adaputala yake.