Getsi la metal halide likathima magetsi ataphethira, silinapse

Awerengi ena a ku Ndirande andilembera kuti getsi lawo la metal halide la mawati 400, lowunikira pabwalo la galaja, limathima magetsi akangophethira, limakana kuyaka kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, ndipo likamayaka limayamba lobiriwira. Wokonza magetsi wawauza kuti agule babu lina. Bambo, ndalamazo zisungeni kaye. Zimandiwawa kuona mababu abwinobwino akutayidwa kudzala mu Blantyre muno pa chifukwa chimenechi, chonsecho m'kati mwake muli mercury, yemwe ndi poizoni.

Kuwala konse kumachokera m'kachubu ka quartz kapena ceramic kamene kali pakati pa babu. Mmenemo muli mpweya wa argon, kadontho ka mercury, ndi mchere wa zitsulo zogwirana ndi ayodini, umene ndiwo umatchedwa metal halide: sodium, scandium, thallium kapena indium, malinga ndi wopanga. Babu likakhala lozizira, ignitor, kachipangizo koyatsira babu, imatumiza mavoti 3,000 mpaka 5,000, argon n'kuyatsa kamoto pakati pa nsonga ziwiri za tungsten. Mercury ndiye amayamba kusanduka nthunzi, n'chifukwa chake poyamba mumaona kuwala kofooka kobiriwira. Mchere uja umachedwa. Ukasanduka nthunzi n'kufika pakati pa moto, pomwe pamatentha madigiri pafupifupi 5,000, umagawika, maatomu a chitsulo n'kumagundidwa ndi maelekitironi. Pamenepo chitsulo chilichonse chimatulutsa mtundu wakewake: sodium wachikasu, thallium wobiriwira, indium wabuluu. Mitundu yotere ikaphatikizana ndiye kuyera kuja, patatha mphindi ziwiri mpaka zisanu. Maatomuwo akasendera kukhoma la kachubu, kozizirirako, amagwirananso ndi ayodini, motero sadya khomalo msanga. Nzeru imeneyi, imene Gilbert Reiling wa ku General Electric anaikonza kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, ine ndimailemekeza mpaka lero.

Magetsi akaphethira moto uja umazima, koma nthunzi ya m'kachubu imakhala ikadali yotentha ndi yothinana. Mavoti 5,000 sangaiboole. Pamafunika oposa 20,000, amene amapezeka m'zipangizo zapadera zokha. Getsi lanu limangodikira kuti lizizire, mphindi 5 mpaka 20.

Apa m'pamene anthu amaliwononga. Kuyatsa ndi kuthimitsa switchi mobwerezabwereza sikulifulumizitsa; kumangodya nsonga za tungsten ndi kudetsa kachubu. Choipa kwambiri ndi chizolowezi chomanga babu lililonse pa choki iliyonse bola lalowa m'soketi. Choki ndiyo imachepetsa mphamvu yolowa m'moto uja, ndipo ikakhala yosagwirizana ndi babu, kachubu kamatentha mopyola kapena kamazizira, mtundu wa kuwala n'kusokonekera. Ndikunena mosapsatira: wokonza magetsi amene sawerenga zolembedwa pa choki, pa ignitor ndi pa babu asanamange, musamulole kukwera makwerero. Kakhalidwe ka babu nakonso n'kofunika. Ena anapangidwa kuti ayake atagona, ena atazondoka, ndipo pakatoni amalemba. Mukalakwitsa, mchere umaunjikana pamalo olakwika. Galasi lakunja likasweka babu likuyakabe, thimitsani pomwepo, chifukwa cheza chosaoneka chotchedwa UV, chochokera m'kachubu, chimawotcha maso ndi khungu.

Nanga babu lotha limaoneka bwanji?

Limathima lokha magetsi alipo, kuzizira, kuyaka, kuthimanso. Mtundu wake umakhalabe wobiriwira kapena wofiirira ngakhale patadutsa mphindi khumi, kawirikawiri chifukwa sodium wathawa m'kachubu. Kachubuko kamada kunsonga kapena kufufuma. Loterolo lichotseni lisanaphulike, ndipo getsi likhale ndi galasi lotchinga kutsogolo. Ngati limayaka usana ndi usiku, muzilithimitsa mphindi 15 pa sabata.

Lanulo, malinga ndi mmene mwafotokozera, lilibe vuto. Magetsi akabwera lisiyeni mphindi 20. Likapanda kuyaka, wokonza ayese ignitor, choki ndi mawaya kaye asanaweruze babu. Pageti pamene mukufuna kuwala nthawi yomweyo, onjezerani getsi la LED la mawati 50.