Setilaiti imaona mutu wa mtambo, osati madontho a mvula

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti a zanyengo analengeza pa wailesi kuti setilaiti yaonetsa mvula yamphamvu kuchigawo chakummwera, inu n'kusamutsira mbuzi kumtunda, koma ku Ngabu dzuwa linaswa mtengo masiku atatu osagwa ngakhale dontho. Ndiye mukufunsa ngati chinthuchi chimaonadi mvula kapena amangotiopseza. Ena akuyankhani kale kuti ndi bodza lokhalokha. Ine ayi. Ndilekeni nditalikitseko, poti pasukulu pomwe ndimaphunzitsa ndine ndimawerenga kachitini koyezera mvula 8 koloko m'mawa uliwonse, ndipo nkhaniyi inandivutitsaponso mutu.

Zithunzi za mitambo zomwe a zanyengo ku Blantyre amagwiritsa ntchito kwambiri zimachokera ku masetilaiti otchedwa Meteosat, a bungwe la ku Ulaya la EUMETSAT. Ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo amazungulira mofanana ndi momwe dziko limazungulirira, choncho amakhala ngati angoima malo amodzi n'kumayang'ana Africa usana ndi usiku. Akale amajambula mphindi 15 zilizonse. Yatsopano, yomwe inaponyedwa mu Disembala 2022, imajambula mphindi 10 zilizonse ndipo imaonanso kung'anima kwa mphezi.

Tsono pamtunda wotero palibe diso lingaone dontho la mvula. Chomwe setilaiti imayeza ndi kutentha kwa pamwamba pa mtambo, pogwiritsa ntchito kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, n'chifukwa chake imagwira ntchito ngakhale mumdima. Mukudziwa momwe zimakhalira mukakwera minibasi pa Thabwa kulowera ku Blantyre: pansi thukuta kamukamu, koma pofika pamwamba pa phiri mwayamba kutseka windo. Kumwambaku n'chimodzimodzi. Mtambo ukatalika kwambiri mutu wake umazizira koopsa, kufika madigiri 40 kapena 60 kunsi kwa ziro, ndipo mitambo yaitali yotere ndiyo imabweretsa mvula ya mabingu. Akatswiri a pa University of Reading ku England, pa ntchito yawo yotchedwa TAMSAT, amawerenga maola omwe mtambo wozizira wakhala pamwamba pa dera, n'kufananitsa ndi zomwe zitini zoyezera mvula zapeza pansi, kenako n'kuyerekeza mamilimita. Mawu ake ndi amenewo: kuyerekeza.

Ndipo kuyerekeza kumaphonya. Pali mitambo yopyapyala ngati thonje lomwazika, yomwe ili kutali kumwamba, yozizira ndithu koma yopanda mvula. Pali chiperoni cha ku Thyolo ndi ku Mulanje, chomwe mitambo yake ndi yotsika komanso yosazizira kwenikweni, moti setilaiti imachipeputsa pomwe anthu zovala sizikuuma sabata yathunthu. Chachitatu ndi chathuchathu kuno kuchigwa. Munaonapo mtambo wakuda bii cha kumadzulo, utalendewetsa ndevu zotuwa zomwe zikuthera m'malere osafika pansi? Imeneyo ndi mvula yeniyeni, koma mpweya wathu wotenthawu waimwa isanakhudze dothi. Setilaiti ilemba kuti kwagwa mvula, ine m'mawa ndikapendeketsa kachitini kanga mungotuluka fumbi ndi nyerere ziwiri. Onjezaninso kuti kadontho kamodzi pachithunzi cha masetilaiti akalewo ndi dera la makilomita atatu kapena kuposerapo mbali zonse, pomwe mvula yathu imatha kunyowetsa munda wa mapira uwu n'kusiya wa mnzako kutsidya kwa msewu.

Ofufuza akhala akulimbana nazo zimenezi. Pali masetilaiti ena oyenda chapansi, monga GPM yomwe America ndi Japan anaponya mu 2014. Iyo ili ndi radar yosuzumira mkati mwa mtambo n'kuona madzi ali momwemo, koma vuto lake siima, imangodutsa n'kupita. Ndiye amaphatikiza ziwirizi, yongoima ija ndi zodutsazi, n'kuthira zonse m'makompyuta olosera nyengo. Komabe popanda zitini zapansi sangadziwe pomwe alakwitsa, ndipo m'chigwa chathu muno zitinizo n'zotalikirana. Ndikaona ana akuponyamo miyala m'kachitini ka pasukulu ndimakalipa ngati aba nkhuku, iwo n'kumadabwa kuti aphunzitsi alusiranji chitini wamba.

Pomwe setilaiti ilibe mnzake ndi pa anamondwe. Pakati pa nyanja ya India palibe munthu woima ndi choyezera, koma Freddy anamuona kuyambira pomwe anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Anamutsata akuwoloka nyanja yonse, kumenya Madagascar, kulowa Mozambique, kubwereranso m'madzi, n'kudzatulukira cha ku Quelimane pa 11 Malichi asanatipeze ife. Anakhala masiku 36, ndipo bungwe la zanyengo padziko lonse linati palibe namondwe wina wodziwika amene anakhalitsa chotero. A zanyengo a ku France, a Météo-France, pachilumba cha La Réunion ndiwo amayang'anira anamondwe a mbali ino, ndipo machenjezo omwe tinamva masiku angapo zisanachitike anayambira pa zithunzi zimenezi. Makolo athu mphepo yotere ankaidziwa itafika kale pakhomo.

Koma chomwe ndikufuna mugwiritse, achimwene, ndi ichi. Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje madzi otipha sagwa pamutu pathu. Ruo amatunga madzi ake paphiri la Mulanje n'kudzathira mu Shire pa Chiromo, ndipo akadzaza amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'dambo la Elephant Marsh ndi m'midzi ya ku Makhanga. Mtsinje wa Mwanza nawo umatsika ndi mvula ya kumtunda. Timitsinje ta ku East Bank timagwa kuchokera m'mapiri a Thyolo, lero mchenga wokhawokha, mawa tikukokolola milatho. Mu Januwale 2015 anthu a ku Makhanga anachita kuwapulumutsa ndi mabwato ndi ndege, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la magetsi la Kapichira, dziko lonse n'kukhala mumdima. Ine ndinaonapo chaka china bwalo la sukulu lili gwaa, kachitini kali ndi timadzi tosanyowetsa n'chala chomwe, koma pofika mbandakucha madimba onse a kumtsinje anali nyanja, maungu akuyandama.

Ndiye akalengeza za mvula yamphamvu kummwera, musangoyang'ana thambo la pa Ngabu. Mvetserani kuti atchula maboma ati. Mukamva Mulanje, Thyolo, Phalombe, Blantyre kapena Mwanza, imbirani m'bale wanu wa kumeneko mumufunse kuti yagwa maola angati, ndipo muuze a komiti yoona za ngozi m'mudzi mwanu ayang'ane mtsinje usiku umenewo. Kumeneko a zanyengo ndimawadandaulako: uthenga wa "chigawo chakummwera" ndi waukulu kwambiri, munthu wa ku Bangula ndi wa ku Zomba sangaumve mofanana, ndipo akanamatiuza m'Chichewa ndi m'Chisena kuti mitsinje yoti tiiope ndi iti.

Kodi masiku atatu amenewo munafunsako kuti Ruo anali bwanji pa Chiromo? Nanga mbuzi zija zinabwerako zonse?