Proxy ikumabwerera yokha mukaisintha

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake proxy ya pa kompyuta yanu ya kuntchito ikumabwerera yokha mukaisintha. Kompyutayo sinawonongeke ayi. Proxy imene mukusinthayo (adiresi ya seva yomwe kompyuta imadutsirako polowa pa intaneti) ikubwezedwa ndi Group Policy, malamulo oyendetsera makompyuta ochokera ku seva ya kampani. Windows imakatenganso malamulo amenewa pafupifupi mphindi 90 zilizonse, ndiye zimene mwasintha pamanja zimafufutika.

Tsegulani Command Prompt (windo lakuda lolembamo ma command) ngati administrator, mulembe gpresult /r. Muona ma policy amene agwira ntchito, komanso amene akanidwa ndi chifukwa chake. Kenako lembani gpupdate /force. Ikakana, ine ndimathamangira ku DNS (imene imathandiza kompyuta kupeza seva ndi dzina lake), chifukwa kawirikawiri ndimapeza munthu anaikamo 8.8.8.8 ya Google poganiza kuti intaneti ithamanga, basi kompyuta n'kusiya kuona domain controller, seva ya kampani imene imatumiza malamulowa. Onaninso wotchi: ikasiyana ndi ya seva ndi mphindi zoposa 5, Kerberos (njira imene seva imatsimikizira kuti ndinu ndani) imakana. Ngati muli kunyumba, yambani mwalumikiza VPN, njira yolowera mu netiweki ya kampani muli kutali.

Za mu registry zokha (momwe Windows imasunga ma setting ake) musakhudze, ngakhale wina akuuzeni kuti n'zosavuta. Zidzabwereranso, ndipo kumeneko n'kuzemba malamulo a kampani. Ngati policy ndi imene yalakwika, kapena kompyuta anaiika mu OU (gulu la makompyuta pa seva) yolakwika, angakonze ndi a IT okha. Lembani gpresult /h lipoti.html, muwatumizire failo imeneyo.