Pitani kaye nokha, banja litsatire pambuyo

Achimwene, mwafunsa ngati mulandire ntchito imene mwapeza m'tauni yaing'ono ya kumapiri n'kusamukira kumeneko ndi banja lanu. Ntchitoyo ilandireni, koma musanyamule banja lonse tsiku limodzi. Pitani kaye nokha kwa mwezi umodzi kapena iwiri, mupeze nyumba, muone sukulu ndi chipatala, kenako mudzatenge mayi ndi ana.

Ife tinapupuluma ndipo tinanong'oneza bondo. Nyumba tinasankha pongoona zithunzi. Titafika tinapeza kuti dzuwa limabisala msanga kuseri kwa phiri, makoma ali chinyezi chokhachokha, ana n'kuyamba kutsokomola. Kumapiri kumazizira ndithu: mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Funsaninso eni dera za msewu nthawi ya mvula ndi nkhungu, chifukwa tauni yaing'ono nthawi zambiri imadalira msewu umodzi wokha.

Komanso olemba anthu ntchito kumeneko ndi ochepa. Yanuyo itatha, ina sipezeka msanga, ndiye nyumba yakale musathamangire kugulitsa.

Ngati malowo ndi okwera kupitirira mamita 2,500, kapena wina m'banjamo ali ndi mphumu, matenda a mtima, kapena mayi ali oyembekezera, kaonaneni ndi dokotala musananyamuke. Kalata ya mgwirizano wa ntchito mupatsenso loya aiwerenge musanasaine, makamaka pamene pakukamba za ndalama zosamukira.