Mafunso pa Chichewa: kulemba mabuku azithunzi a ana apachilumba

Funso: Ndikulemba kabuku kazithunzi ka ana a zaka 5 mpaka 7, konena za kamtsikana kokhala pakati pa nyanja yaikulu, kumalo otentha. Kodi ndilembe "chilumba" kapena "chisumbu"? Nanga "pa" ndimuphatikize kapena ndimulekanitse?

Yankho: Mawu onse awiri ndi Chichewa. "Chisumbu" mumakumana nacho kwambiri m'mabuku akale ndi achipembedzo, pomwe "chilumba" ndi chimene ana ambiri amamva masiku ano. Sankhani amodzi, musasinthesinthe, chifukwa mwana amene akungophunzira kuwerenga adzayesa kuti ndi malo awiri.

Kawirikawiri pa, ku ndi mu timaphatikiza ku dzina wamba: pachilumba, kugombe, m'madzi. Ku dzina lamwinimwini timalekanitsa: ku Zanzibar, ku Jamaica. Koma pamene olemba ambiri amapunthwa si pamenepa ayi, ndi posankha kamawu koyenera chithunzicho. Bwato limayenda panyanja. Nsomba zimakhala m'nyanja. Wonyamuka kunyumba akupita kunyanja. Mukalemba kuti "Ana akusewera m'nyanja" pomwe wojambula waika anawo pamchenga akukumba maenje a nkhanu, mwawamiza anawo. Lembani "pagombe" kapena "m'mphepete mwa nyanja". Mwana amayamba waona chithunzi asanawerenge, ndipo kusemphana kotere amakugwira msanga kuposa wamkulu.

Patsamba loyamba nenani kuti "nyanja yamchere", popeza mawu oti nyanja amatanthauzanso ya madzi opanda mchere. Kuchokera pamenepo "nyanja" yokha ikukwanira.

Funso: Pachithunzi pali mitengo yaitali yokhala ndi zipatso zazikulu zozungulira kunsonga. Mnzanga akuti ndilembe "kanjedza". Akulondola?

Yankho: Ayi. Kanjedza ndi mgwalangwa ndi abale ake a mtengowo, koma si iwowo. Lembani "mtengo wa kokonati". Ndi mawu obwereka, inde, koma akhazikika, ndipo ndi bwino kubwereka kusiyana n'kuphunzitsa mwana dzina lolakwika. Samalani mgwirizano wokha: ena amati "kokonati wouma", ena "kokonati youma". Mukayamba ndi "wouma", pitirizani ndi "uyu", "wagwa", "wake" mpaka tsamba lomaliza.

Funso: Bambo a kamtsikanako ndi msodzi. Ndasokonezeka pakati pa bwato, ngalawa ndi boti, komanso pakati pa kusodza ndi kuwedza.

Yankho: Yang'anani chimene chajambulidwa. Bwato ndi losema pamtengo umodzi, laling'ono, lopalasa ndi nkhafi. Ngalawa ndi yokulirapo, ndipo ikakhala ndi nsalu yogwira mphepo timati ngalawa ya thanga. Boti kawirikawiri ndi lamatabwa, mwinanso lainjini. Mgwirizano wake ndi wosiyana: bwato lafika, boti lafika, koma ngalawa yafika.

Kusodza ndi ntchito yonse yopha nsomba. Kuwedza kumafuna mbedza, chingwe ndi nyambo, choncho mnyamata wokhala pamwala ndi kamtengo m'manja akuwedza. Amuna khumi okokerana chingwe pagombe sakuwedza, akukoka khoka. Ukonde amautchera kapena kuuponya, kenako n'kuuvuula. Musaiwalenso kusiyana kwa kusamba ndi kusambira. Chilembo chilichonse apa n'chofunika: wosamba akuchotsa litsiro, wosambira akuyandama n'kumapalasa madzi ndi manja.

Funso: Ndine mphunzitsi wa ana aang'ono. Ndikamawerenga ziganizo ngati "Ankadzuka m'mawa, amatola zigoba za nkhono, akuthamanga pamchenga", ndimamva kuti china chake sichili bwino. N'chiyani?

Yankho: Khutu lanu silikunama, aphunzitsi. Nthawi zitatu zasakanizidwa m'chiganizo chimodzi. Kabuku kofotokoza moyo wa tsiku ndi tsiku kamayenda bwino ndi nthawi ziwiri zokha. Zimene zimachitika masiku onse zimatenga -ma-: "M'mawa uliwonse amaperekeza bambo ake kugombe." Zimene mwana akuziona pachithunzi zimatenga -ku-: "Taonani, akukankha bwato!"

Pali msampha wina umene olemba ochepa amauzindikira. Mawu oti "amasambira" angatanthauze chizolowezi cha masiku ano kapena zimene zinkachitika kale, ndipo chimasiyanitsa ndi kakwezedwe ka liwu poyankhula. Papepala kakwezedweko sitikulemba. Mukafuna zakale, gwiritsani ntchito -nka-, "ankasambira", kuti wowerengera ana mokweza asaime pakati n'kubwereza. Pa msinkhu umenewu chiganizo chimodzi kapena ziwiri patsamba, za mawu osapitirira 8 kapena 10, n'zokwanira.

Mvekero musaiope, ndi imene imadzutsa tsamba. Mwana walumphira m'madzi, chubwi! Kokonati wagwa pansi, khu! Mchenga uli mbee, dzuwa likulowa lili psuu, usiku nyanja ili phee. Umodzi patsamba ndi wokwanira. Itachuluka, ana amangodikira phokosolo osatsatiranso nkhani.

Funso: Nanga mtundu wa madzi a m'nyanja? Ndinalemba "nyanja yobiriwira" ndipo ana anandiuza kuti ndalakwitsa. Ndiponso sindikupeza mawu a madzi amene amabwerera kutali kenako n'kudzazanso.

Yankho: Akuluakulu ena amagwiritsadi ntchito "kubiriwira" ponena mtundu wa msipu ndi wa thambo lomwe, koma mwana wa lero akamva "yobiriwira" amaona masamba. Lembani "nyanja yabuluu", kapena "madzi ooneka ngati thambo".

Za madzi obwerera, musavutike n'kupeka dzina. Kumagombe ambiri a nyanja yamchere zimenezi zimachitika kawiri patsiku, makamaka chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi, ndipo kuchokera kudzaza kumodzi kufika kwina pamapita maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25. Aneni amene tili nawo akukwanira: "Nyanja yaphwera, ana akutola zigoba pamchenga wonyowa." Patsamba lotsatira: "Madzi akudzazanso, amayi akuwaitana." Pewani kungoti "mafunde abwera", chifukwa mafunde amawinduka nthawi zonse, nyanja itaphwera kapena itadzaza.