Bwezani kaye ya katapila, achemwali

Achemwali, mwafunsa ngati muyenera kupereka chakhumi mwezi uno pomwe wakatapila akukudikirirani pakhomo, chikhalirecho abusa analalikira kuti wosapereka akubera Mulungu. Ine ndikuti bwezani kaye ngongoleyo.

Mawu amene amakonda kutiopseza nawo ndi a pa Malaki 3:8-10. Koma muwerengenso Deuteronomo 14:28-29. Chakhumi cha chaka chachitatu chinkasungidwa m'mudzi momwemo kuti adye Alevi, alendo, ana amasiye ndi akazi amasiye. Ndiye kuti chinali chothandiza anthu ovutika ngati inu, osati chowafinya. Paulo naye pa 2 Akorinto 9:7 akuti munthu apereke monga watsimikiza mumtima mwake, osati mokakamizidwa. Ndipo Masalimo 37:21 amamutcha woipa munthu wotenga ngongole koma osabweza.

Ndinaziona ndi maso kwa mlamu wanga. Anatenga K50,000 ya katapila kuti akafese "mbewu" ku mapemphero a usiku, atalonjezedwa kuti ibwera kakhumi. Miyezi itatu isanathe chiwongoladzanja chinali chitaposa ndalama yomwe anatengayo. Kunabwera anyamata awiri kudzanyamula wailesi, matilesi, ngakhale mbaula imene. Mlaliki amene anamulonjeza uja n'kuti atapita kale kwina. Ana anagona pamkeka dzinja lonse, ndipo mpaka lero ndikaganiza zimandiwawa.

Pitani kwa abusa anu panokha, muwafotokozere mmene zinthu zilili kunyumba. Lamulungu ponyani m'mbale zimene mungathe, kaya ndi K200, osachita manyazi ndi oyandikana nawo pabenchi. Mukapeza mpata Loweruka, kaseseni m'tchalitchi kapena kazondeni odwala limodzi ndi amayi anzanu.