Kodi Diana anangopita kukajambulitsa ku Angola?

Achemwali, mwafunsa ngati anthu otchuka onga Princess Diana anathandizadi kuti mabomba okwirira pansi aletsedwe, kapena ankangotchukira pa mavuto a anzawo. Ndaona ena ayankha kuti Diana ndiye analetsa mabombawa, ena akuti zonse zinali za makamera. Kwa ine onsewa adumpha zina.

Diana anaipeza nkhondo yolimbana ndi mabombawa ili kale mkati. Mu 1992 mabungwe 6, ena mwa iwo Handicap International, Human Rights Watch ndi Mines Advisory Group, anayambitsa kampeni yofuna kuti mabombawa aletsedwe, yotchedwa International Campaign to Ban Landmines, ndipo woyendetsa anali Jody Williams wa ku America. Ambiri anali anthu otopa ndi kuona alimi ndi ana akuduka miyendo ku Cambodia, Afghanistan ndi Angola. Mu Okutobala 1996 nduna yoona zakunja ya Canada, Lloyd Axworthy, anadzidzimutsa nthumwi za mayiko ku Ottawa poziuza kuti zibwerenso chaka chamawa kudzasaina pangano loletsa mabombawa. Mphika unali kale pamoto.

Chomwe Diana anabweretsa ndi maso a anthu. Mu Januwale 1997 anapita ku Angola ndi a Red Cross. Ku Huambo anavala chotchinga kumaso ndi chovala choteteza pachifuwa, n'kuyenda m'kanjira komwe a HALO Trust anali atachotsamo mabomba, zikwangwani zofiira za chigaza zili cha pambali. Anakhalanso pansi kucheza ndi ana oduka miyendo. Kwawo ku Britain boma la chipani cha Conservative linali likuzengereza pa zoletseratu mabombawa, moti wachiwiri kwa nduna ya chitetezo, Earl Howe, anamunena kuti ndi munthu wosalamulirika. Kunyozako ndiye kunakolezera moto, chifukwa nkhani yomwe inkathera m'malipoti a mabungwe inafika patsamba loyamba la nyuzipepala, ndipo wandale aliyense anayenera kuyankha kuti ali mbali iti. Chipani cha Labour chitalowa m'boma mu Meyi chinalengeza kuti Britain isiya mabombawa. Mu Ogasiti Diana anapita ku Bosnia, ndipo pa 31 mwezi womwewo anamwalira pangozi ya galimoto ku Paris. Zokambirana zolemba panganolo zinayamba ku Oslo mawa lake lenilenilo, dziko lonse lili pamaliro. Wapampando anali Jackie Selebi wa ku South Africa. America inayesetsa kuti ipatsidwe mpata wosunga mabomba ake ku Korea, koma anzake anakana. Mu Disembala mayiko 122 anasaina ku Ottawa, Malawi ali pomwepo.

Onaninso amene analandira mphoto ya Nobel chaka chimenecho: Jody Williams pamodzi ndi kampeni ija. Mmodzi mwa okalandira m'malo mwa kampeniyo anali Tun Channareth wa ku Cambodia, yemwe bomba linamudula miyendo yonse iwiri. Ndi angati m'gulu muno munamvapo dzina lake? Apa pokha ndikugwirizana ndi odandaulawo. Kamera imatsata mwana wa kunyumba yachifumu, osati amene wakhala zaka akuyenda panjinga ya olumala kuchonderera maboma.

Ife nkhaniyi si ya kutali. Amene munakulira ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu kapena Dedza mukukumbukira abale athu a ku Mozambique, pafupifupi miliyoni imodzi, omwe anathawira kuno pankhondo ya Frelimo ndi Renamo. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anabwerera kwawo, n'kukapeza minda, njira za kuchitsime ndi milatho zitatcheredwa. Bomba lotere silimva kuti nkhondo yatha. Ndi kanthu kakang'ono kotchipa, ndipo ambiri anapangidwa kuti adule phazi osati kupha, kuti asilikali anzake atanganidwe ndi kunyamula wovulalayo. Patapita zaka 20 woliponda amakhala mayi wokatola nkhuni kapena mnyamata woweta mbuzi. Kulitchera ndi kanthawi kochepa, koma kulichotsa munthu amagwada tsiku lonse, makina ofufuzira zitsulo ali m'manja, akamva kulira n'kuyamba kupalasa dothi pang'onopang'ono chammbali, ndipo nthawi zambiri amapeza msomali kapena chitini. Ku Mozambique anagwiritsanso ntchito agalu, ngakhalenso makoswe akuluakulu a bungwe la APOPO ophunzitsidwa ku Morogoro ku Tanzania, opepuka moti saphulitsa bomba. (Musaseke, amanunkhiza onga mwachangu kuposa mmene munthu angafufuzire.)

Ntchito imeneyi imadya ndalama zambiri, ndipo opereka thandizo sachedwa kuiwala. Mpamene munthu wotchuka amafunikanso. Prince Harry, mwana wa Diana, anakaona ntchito ya HALO Trust m'chigawo cha Tete mu 2010, ndipo mu 2019 anakayenda pamalo pomwe mayi ake anayenda ku Huambo, pomwe tsopano ndi msewu wa nyumba ndi mashopu. Mozambique, yomwe inachititsa msonkhano woyamba wa mayiko a panganoli ku Maputo mu 1999, inalengeza mu Seputembala 2015 kuti yamaliza kuchotsa mabomba m'malo onse odziwika. Angola mpaka lero sinamalize.

Komabe musaganize kuti kutchuka kumagonjetsa chilichonse. America, Russia, China, India ndi Pakistan sanalowe m'panganoli, ndiponso silikhudza mabomba otchera akasinja. Mu 2025 Poland, Finland, Estonia, Latvia ndi Lithuania anaganiza zotulukamo chifukwa choopa Russia, pomwe ku Ukraine minda yambiri yadzaza kale mabomba. Chaka chomwecho Harry anabwereranso ku Angola n'kuvala chovala chija, koma phokoso lake silinafike pa la 1997, ndipo mayiko ajawa sanabweze maganizo.